Mpeni wa Mlendo

Chiyambire pamene ndinatula pansi choko ndi kubwerera kwathu kufupi ndi Ngabu, kumene dzuwa la Okutobala limang'amba nthaka kufikira nkhuku zitayasama ndi kugwetsa mapiko kunsi kwa nkhokwe, ndakhala ndikuweta nkhuku zachikuda zosapitirira makumi awiri. Ndipo sindiziweta chifukwa cha usiwa, pakuti ana anga amandikumbukira mwezi ukatha, koma chifukwa mtima wanga umakondwa kuziona zikutsika m'khola m'banda kucha ndi kuthamangira madeya ndi mapira amene ndaziwazira. Anansi anga, amene kwa iwo nkhuku ndiyo mchere, ndiyo sopo, ndiyo ulendo wa kuchipatala, amandiseka mwaulemu, amvekere mphunzitsi wasandutsa ndiwo kukhala abale ake. Sindiwatsutsa. Koma kuseka kwawoko kwandidzutsira funso limene landisowetsa tulo koposa udzudzu wa ku Shire: kodi munthu angathe kukonda moona chinthu chimene iye mwini adzachigoneka pansi ndi kuchidula khosi?

Funsoli linandifikira tsiku limene mlamu wanga wa ku Bangula anatiyendera, patapita zaka zambiri tisanaonane. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, osanena kanthu, ndipo ine ndinamva, pakuti m'chigwa chino, kaya pakhomo pa Mmang'anja kaya pa Msena, mlendo wolemekezeka sagonera thelere tambala akulira pabwalo. Mlendo ndi mame, anatero akale. Ukachedwa kumchitira ulemu upeza wakamuka. Ndinaloza tambala wofiira amene ndinamlera kuyambira ali kamwanapiye, amene ndinamlanditsa kwa kabawi ndi kumdontheza katemera wa chitopa m'diso ndi dzanja langa, ndipo madzulo ake nthutumba yake inali m'mbale ya mlamu wanga monga mwambo ufunira. Ndinadya nawo, ndiponso, ndivomere pamaso pa Mulungu, ndiwoyo inakoma.

Ndimamva kuti ku Ulaya ndi ku America alipo anthu amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba zawo mongosangalala, nazipatsa mayina, naziweta kufikira zitafa ndi ukalamba, chikhalirecho nyama yodya akugula ya m'sitolo, yophedwa ndi manja a ena. Sindiwanyoza anthu amenewa, pakuti chifundo, ngakhale chochepa, sichinyozeka. Koma ndiona kuti funso langa iwo sanaliyankhe, angolisamutsira kutali kumene maso awo safika. Nafenso tayamba kutero, popeza nkhuku zoyera za masabata asanu ndi limodzi, zosadziwa chiswe kapena mthunzi wa mtondo, zikupezeka zososolasosola m'mafiriji a pa Nchalo, ndipo wogula sadetsa dzanja ndi mwazi.

Malembo, ndikawasinkhasinkha, sandilola kuthawira kumeneko. Chilamulo cha Mose, chimene chinaloleza munthu kudya mbalame, chinalamulanso kuti mwazi wake authire pansi ndi kuufotsera ndi dothi, popeza moyo uli m'mwazimo ndipo mwini wake si wakuphayo. Ndipo m'buku la Deuteronomo muli lamulo laling'ono, limene alaliki athu saliwerenga kawirikawiri, loletsa kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi mazira kapena ana ake. Agogo anga aakazi, amene sanalowepo m'kalasi ndipo mvula ikakanika maso awo ankaloza ku Khulubvi kwa Mbona, lamulo limeneli ankalisunga osaliwerenga: thadzi lofungatira, limene lakhala pamazira masiku 21 osadya mokhuta, kapena loyenda ndi anapiye, silinkakhudzidwa ndi mpeni, mlendo akule bwanji. Abale athu Achisilamu nawonso sazinga nkhuku osatchula dzina la Mulungu. Anthu onsewa, osiyana zipembedzo, agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti wogwira mpeni akutenga chimene sanachilenge, ndipo ayenera kuchitenga ngati wopempha.

Pali mawu enanso amene ananditonthoza kwa kanthawi. Mfumu Davide, pofuna kumanga guwa pa dwale la Arauna, anakana kulandira ng'ombe zaulere, poti sanafune kupereka kwa Yehova nsembe yosamtayitsa kanthu. Ndikalingalira motero, ndiona ngati chikondi changa pa tambala uja ndicho chinasandutsa nyama kukhala mphatso. Mlamu wanga akanadya nkhuku yogula, akanadya ndalama zanga, koma podya imene ndinaiweta anadya m'mawa wanga wonse wa miyezi isanu ndi itatu. Ndiye chifukwa chake, ndiyesa, nkhuku imalowa m'milandu kwa amfumu ndi m'zinkhoswe, malo amene ndalama yokha imaoneka yozizira.

Koma ndisadzinyenge, pakuti nzeru imeneyi imatonthoza ine, tambalayo ayi. Iye sanavomere kukhala mphatso. Anakupiza mapiko ndi kulira monga chilira cholengedwa chilichonse chofuna kuona dzuwa la mawa. Ndipo Ambuye Yesu, polirira Yerusalemu, pamene anafuna fanizo la chikondi chake, sanasankhe mkango kapena chiwombankhanga, koma thadzi losonkhanitsa anapiye m'mapiko mwake, ndiko kuti cholengedwa chomwecho chimene ife timachithamangitsa kuzungulira nkhokwe mlendo akafika. Amene anaonapo thadzi likudzitukumula ndi kulimbana ndi mphamba woliposa mphamvu sangawerenge ndimeyo mtima uli m'malo.

Chimene chimandiletsa kulumbira kuti mpeni sindidzaugwiranso ndi imfa zina zimene chigwa chino chimazidziwa bwino. Chitopa chikalowa m'mudzi m'nyengo yotentha, nkhuku zimazyolika, zimapotoka makosi, ndipo pakutha sabata khola limene munali phokoso mumangotsala nthenga. Madzi saiwala khwawa: mu Januwale 2015, pamene Shire ndi Ruo anasefukira ndi kuzinga anthu a ku Makhanga, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, ziweto zosawerengeka zinapita ndi madzi, osadyetsa mlendo, osalipira mlandu, osasiya ngakhale msuzi. Nkhuku yosaphedwa ndi mwini wake siikhala kosatha. Vumbwe, ng'azi, nthenda kapena chigumula zimaidikira, ndipo palibe mwa izi chimene chimafotsera mwazi wake ndi dothi. Komabe ndidziwa kuti kunena kuti imfa ina ndi yoipa koposa sikuyeretsa imfa imene ndaibweretsa ndekha, ndipo pamenepa nzeru zanga zauphunzitsi zimathera.

M'khola mwanga mulinso thadzi lakuda la mtundu wa Mikolongwe limene linaleka kuikira chaka chatha. Mayi a kunyumba anena kawiri konse kuti likungotha madeya, ndipo akunena zoona. Sabata yatha abusa anatumiza uthenga kuti adzatichezera Loweruka likudzali. Dzulo madzulo, nkhuku zikukwera m'khola, ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali ndikuziwerenga, ndipo thadzi lakudalo linalowa pomalizira, mwapang'onopang'ono monga lichitira masiku ano, ine n'kutseka chitseko ndisanasankhe.