PHUNZIRO 14: MEFIBOSETI APEZA MALO PA GOME LA MFUMU

Powerenga: 2 Samueli 4:4 ndi 9:1-13, Salmo 142.

Mau oloweza: Salmo 142:5. Alembeni pa bolodi kuchokera m'Buku Lopatulika.

Cholinga: Ana adziwe kuti Mulungu amamva kulira kwa munthu wosowa pokhala, wolumala ndi wotaya mtima, ndi kuti kawirikawiri amayankha potuma anthu ake kukamfuna munthuyo.

MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, musanaime pamaso pa ana, yambani mwaganizira za kwao. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala m'dziko muno, makamaka m'Chigawo cha Kumwera, ndipo chaka chilichonse mvula imagwetsa nyumba m'midzi yathu. Mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene akugona kwa achibale. Wina ali ndi mng'ono wake amene sabwera ku Sande Sukulu chifukwa sayenda. Wina amai ake angobindikira m'nyumba, osafuna kudya kapena kulankhula. Ana otere sanena, koma amamvetsera kwambiri. Tsono sankhani mau mosamala, ndipo musatchule munthu wa m'mudzi monga chitsanzo.

NKHANI

1. Tsiku la tsoka. Mefiboseti anali mwana wa Jonatani, mdzukulu wa mfumu Sauli. Ali ndi zaka 5, uthenga unafika wakuti atate ake ndi agogo ake afa kunkhondo. Mlezi wake anamnyamula nathawa naye, koma m'kufulumira mwanayo anagwa, nalumala mapazi onse awiri. Tsiku limodzi lokha anataya atate, mudzi ndi mayendedwe.

2. Mlendo ku Lodebara. Anakakhala kutsidya la Yordano, m'nyumba ya Makiri mwana wa Amiyeli. Mdzukulu wa mfumu analibe nyumba yakeyake. Zaka zinapita, mpaka iye anakhala ndi mwana dzina lake Mika, ali chikhalire kwa eni.

3. Mfumu ifunsa. Davide naye anadziwa kusowa pogona. Pothawa Sauli anabisala m'phanga, ndipo Salmo 142 ndilo pemphero lake ali momwemo. Anadandaulira Mulungu kuti palibe munthu womlabadira. Mulungu anamva, namtulutsa. Atakhazikika mu ufumu, Davide anakumbukira pangano lake ndi Jonatani, nafunsa ngati watsala wina wa banja la Sauli woti amchitire chifundo. Ziba, wantchito wa Sauli, ndiye anamuuza za Mefiboseti.

4. Pa gome. Mefiboseti anafika ali ndi mantha, pakuti mafumu atsopano ankapha mbumba ya mfumu yakale. Davide anamuitana dzina lake, namchotsa mantha. Koma iye anadziyerekeza ndi galu wakufa. Apa imani pang'ono, ana aone mmene mavuto okhalitsa amachititsira munthu kudziyesa chabe. Davide sanatsutsane naye pakamwa. Anambwezera minda yonse ya Sauli, nalamula Ziba, ana ake 15 ndi antchito ake 20 kuti azimlimira, ndipo anampatsa malo pa gome lake monga mmodzi wa ana a mfumu.

ZOTI TIPHUNZIRE

(a) Tingathe kuuza Mulungu zonse monga ziliri. Davide sanakometse mau m'phangamo. Phunzitsani ana kuti kulira m'pemphero si kusowa chikhulupiriro.

(b) Wovutika sabwera yekha. Mefiboseti sanapite ku Yerusalemu kukapempha, anachita kufunidwa. Munthu wotaya mtima amabisala, ndipo amaganiza kuti akulemetsa anzake. Tikampempherera, tinyamukenso kukamuona. Amene anapemphera m'phanga ndiye anadzakhala yankho kwa mnzake.

(c) Mapazi a Mefiboseti sanachire. Werengani ndime 13 mofatsa: nkhani itha iye akali wolumala, koma ali ndi pokhala, minda ndi ulemu. Musalonjeze ana kuti aliyense wopemphereredwa adzayenda. Mulungu angathe kuchiritsa, koma chikondi chake sichidikira kuti munthu ayambe wachira. Ndiponso musalole mau akuti kulumala ndi chilango kapena ufiti. Ambuye Yesu anakana maganizo akuti ndi chilango pa Yohane 9:1-3.

(d) Kutaya mtima kokhalitsa ndi matenda. Munthu akakhala masabata angapo wosakondwa ndi kanthu, wosagona, wosadya, kapena akamanena zofuna kufa, musamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Pempherani naye, musamsiye yekha, dziwitsani abusa kapena mkulu wa mpingo, ndipo mumperekeze kuchipatala, pakuti matendawa ali ndi chithandizo. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

(e) Ife tonse ndife a Mefiboseti. Yesu Kristu anatifuna tili kutali, natiitanira ku gome lake, osati chifukwa cha mphamvu zathu koma chifukwa cha pangano la chisomo.

MAFUNSO

1. Kodi Mefiboseti analumala bwanji, ndipo anali ndi zaka zingati?
2. Ndani anamsunga ku Lodebara?
3. Davide anapemphera Salmo 142 ali kuti?
4. Tchulani zinthu zimene Davide anamchitira Mefiboseti.
5. Kodi ife tingachite chiyani kwa mnzathu amene sangathe kufika kuno yekha?

ZOCHITA

Sabata lino, inu mphunzitsi funsani funso la Davide: kodi watsala ndani? Mukapeza mwana amene safika chifukwa cha kulumala, kambiranani ndi makolo ake za njira yomtengera, ngakhale pa njinga. Ana okulirapo, ali ndi munthu wamkulu, angathe kutunga madzi, kutola nkhuni kapena kumweta udzu wofolerera nyumba ya wosowa. Za nyumba yakugwa dziwitsani madikoni ndi amai a Chigwirizano.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu munamva Davide ali m'phanga, ndipo simunaiwale Mefiboseti ku Lodebara. Kumbukirani osowa pogona, olumala ndi osweka mtima. Tipatseni maso owaona ndi mapazi okawafuna, kuti pasakhale wina wotsalira kunja. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.