Safunsa anadya phula: mlendo pa seva ya Minecraft

Mu Disembala 2019 kampani ya Mojang ya ku Stockholm inaika njuchi m'masewera a Minecraft. Njuchizo zimayendera maluwa n'kubwerera kumng'oma, ndipo mng'oma ukadzaza, uchi umayamba kuchucha kunja. Wofuna kufula amabwera ndi botolo ngati akufuna uchi, kapena sizasi ngati akufuna zisa. Koma pali kanthu kamene masewerawo sakuuza: uyambe wasonkha moto pansi pa mng'oma kuti utsi ufooketse njuchi, monga amachitira ofula njuchi kuthengo. Wopanda kutero zimamutulukira zonse, maso ali psuu, n'kumuluma. Iye kawirikawiri amapulumuka. Zosapulumuka ndi njuchizo, chifukwa iliyonse imene yaluma imafa pakangopita kanthawi.

Tsono taganizani za munthu amene walowa lero pa seva, dziko la pa intaneti la osewera ambiri, pamene anzake akhala akumangapo kwa zaka. Waona mng'oma wa mnzake ukuchucha, wasolola sizasi osafunsa, ndipo pofika madzulo mwini wake akupeza mng'oma uli zii. Choseketsa n'chakuti zisa zimene mlendoyo wapeza sizidyeka n'komwe m'masewerawa. Ntchito yake ndi kupangira makandulo, ming'oma ina, ndi kupaka pa kopa kuti asasinthe mtundu.

Akuluakulu ananena kalekale kuti safunsa anadya phula. Mwambiwu umakamba za munthu amene anapeza zisa za njuchi, ndipo chifukwa cha manyazi kapena kudzimva, sanafunse kuti chodyedwa n'chiti, chotaya n'chiti. Anameza phula ena akunyambita uchi. Amauzidwa mwana amene wayamba ntchito yachilendo, mkamwini amene wangofika kumene pamudzi, ngakhale wapaulendo amene wafika pamphambano. Nkhani yake si umbuli ayi, pakuti aliyense amayamba ali mbuli. Nkhani ndi umbuli wokana kuchizidwa pamene odziwa ali pompo.

Minecraft anaiyambitsa Markus Persson wa ku Sweden mu 2009. Mu 2014 Microsoft inagula Mojang ndi madola 2.5 biliyoni, ndipo pofika 2023 masewerawa anali atagulidwa koposa ka 300 miliyoni. Munthu akhoza kusewera yekha, kukumba, kulima ndi kumanga m'dziko lakelake la mabuloko popanda womufunsa. Mavuto amayamba akalowa pa seva, kutanthauza kompyuta imene imasunga dziko limodzi loti anthu ambiri azilowamo kudzera pa intaneti. Kumeneko mtengo umene wadula ndi womwewo umene mnzako amadzaufuna mawa.

Phula loyamba limene alendo ambiri amadya ndi kuganiza kuti kudziwa masewera ndiko kudziwa mudzi. Munthu amene wasewera yekha zaka zisanu amafika ndi zizolowezi za mwini dziko. Akaona bokosi amatsegula n'kutenga. Akaona munda wa tirigu wakupsa amakolola n'kuchokapo. Pa maseva ambiri munda wa anthu onse uli ndi mwambo wake: ukakolola, bzalanso mbewu pamene wazula. Ukapha ng'ombe za m'khola la gulu, usiyeko ziwiri, popeza ziwiri n'zimene zimaswana ukazidyetsa tirigu. Ukadula mtengo, udule wonse. M'masewerawa mtengo sugwa. Ukadula tsinde lokha, nthambi ndi masamba zimangolendewera m'malere, ndipo akale amati akaona nkhalango ya mitengo yopanda matsinde amadziwiratu kuti kwabwera wachilendo. Chimodzimodzi dzenje la Creeper, chilombo chobiriwira chija chimene chimanyang'ama mwakachetechete n'kuphulika. Chikaphulika pafupi ndi msewu chifukwa chimatsata iwe, dzenjelo ndi lako, ulikwirire.

Zimenezi munthu woganiza bwino akhoza kuzitulukira yekha. Pali zina zimene ngakhale waulemu sangazilote, ndipo apa m'pamene mwambi uja umaluma. Chipata cha ku Nether, dziko lamoto la pansi, ndi chitsanzo chabwino. Buloko imodzi ya ku Nether imafanana ndi mabuloko 8 a dziko lapamwamba, n'chifukwa chake anthu amadzera kumeneko akafuna kufupikitsa ulendo. Koma zipata zimalumikizana motengera kuyandikana. Mlendo akamanga chipata chake pafupi ndi cha mnzake osawerengera malo, mnzakeyo pobwerera kwawo akhoza kungozindikira watulukira m'chipinda cha munthu wina. Palibe chimene chabedwa, palibe chimene chagumulidwa, koma njira imene munthu anaikonza bwinobwino yasokonekera. Funso limodzi pa chat, pamene osewera amalemberana mauthenga, lakuti “Ndikufuna kumanga chipata apa, pali wina ali nacho pafupi?”, likanatha nkhani yonse.

Kugona nakonso kuli ndi mwambo wake. Tsiku la Minecraft, usana ndi usiku, limatha mphindi 20, ndipo usiku n'ngwa zilombo. Osewera akagona pabedi, usiku umadumphidwa, koma mwa chikhazikitso chake cha Java Edition, mtundu wa masewerawa wa pa kompyuta, amafunika agone onse, pokhapokha eni seva atachepetsa chiwerengerocho. Ndiye anthu asanu ali gone pamabedi kudikira, wachisanu ndi chimodzi ali kuphanga akukumba dayamondi, sakuwerenga n'zimene anzake akulemba. Mwambo wa maseva ambiri ndi wakuti ngati uli kutali ndi bedi, utuluke kamphindi kuti kuche, kenako ubwerere. Ndipo amene angaganize zogona ali ku Nether adziwe kuti kumeneko bedi limaphulika. Ameneyo ndiye amadya phula lenileni, lotentha.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa Safunsa wa m'mwambi ndi wa pa seva. Wa m'mwambi anavutika yekha, mimba inali yake. Wa pa seva amadyetsa phula mudzi wonse. Seva imayenera kuwerengera zochitika za m'dziko lake ka 20 pa sekondi iliyonse. Mlendo akaunjika nkhuku mazanamazana m'kakhola kamodzi, kapena akamanga makina a redstone, magetsi a m'masewerawa, oyenda usana ndi usiku, kompyutayo imalemedwa, ndipo aliyense amaona dziko likukakamira: ukumenya buloko, iyo n'kubwereranso. Iye ali phee, akukondwera ndi mazira ake. N'chifukwa chake maseva ambiri amalemba malire a ziweto ndi makina, ndipo malamulowo amawaika pazikwangwani pamalo pomwe wosewera watsopano amatulukira. Chodabwitsa n'chakuti anthu amadutsa zikwangwanizo akuthamanga.

Amene amadalira kuti sanamuone munthu amakhala akudzinamiza. Maseva ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa CoreProtect, imene imalemba buloko iliyonse yoikidwa kapena kugumulidwa, katundu aliyense wochotsedwa m'bokosi, dzina la wochitayo ndi nthawi yake. Woyang'anira amangogunda pamalopo, mbiri yonse n'kutuluka. Amathanso kubwezeretsa zonse zimene munthu mmodzi waononga. Pulogalamu ina, GriefPrevention, imalola wosewera kudula malire a malo ake ndi fosholo yagolide kuti wina asakhudzepo. Komabe malo opanda chizindikiro cha fosholo sindiye kuti alibe mwini. Nyumba yooneka ngati bwinja mwina mwini wake ali pa mayeso kusukulu, abwera mwezi wamawa.

Chimene chimachititsa kufunsa kukhala kofunika zedi n'chakuti mudzi uliwonse uli ndi malamulo akeake, ndipo ena amatsutsana kotheratu. Pa Hermitcraft, seva imene inayamba mu 2012 ndipo munthu amalowapo pokhapokha ataitanidwa, osewera amamanga masitolo opanda wogulitsa. Katundu ali m'bokosi, mtengo walembedwa, wogula amatenga n'kusiya dayamondi zake momwemo. Ana ambiri amene amaonera mavidiyo a Hermitcraft pa YouTube amaonanso osewerawo akuchitirana zachipongwe zoseketsa, kukwirirana nyumba ndi kutcherana misampha. Amakachita zomwezo pa seva ya anthu osawadziwa, n'kudabwa atathamangitsidwa. Sanaone kuti amene aja ndi mabwenzi a zaka zambiri, ndipo wochita chipongwe amathandiza kukonza. Pa WesterosCraft, pamene akumanga dziko la m'nkhani za George R. R. Martin, mlendo amaloledwa kuyenda ndi kuona, koma kuti aikepo buloko ayenera kupempha, kusonyeza luso lake, ndi kuyesedwa kaye. Pa Autcraft, imene Stuart Duncan wa ku Canada anaikhazikitsa mu 2013 kuti ana okhala ndi autism ndi mabanja awo azisewera mwamtendere, munthu amayamba wafunsira malo, ndipo kunyoza kumene kwina amakuona ngati nthabwala kumeneko n'koletsedwa.

Ndiyeno pali 2b2t. Seva imeneyi inayamba mu Disembala 2010, ndipo kuba, kupha, kugumula ndi kubera masewera sikuthamangitsitsa munthu. Malo otulukira alendo ndi chipululu cha maenje ndi mapiri a miyala opangidwa pothira chiphalaphala ndi madzi. Mtengo kapena chakudya n'zosowa. Mu Juni 2016 wopanga mavidiyo wotchedwa TheCampingRusher anaonetsa sevayi pa YouTube, ndipo alendo anakhamukirako ochuluka kotero kuti panayambika mzere wodikira kulowa. Akale anakwiya, nayamba kusaka atsopanowo ndi kuwapha akangotulukira. Kumeneko mlendo wofunsa pa chat kuti chakudya angachipeze kuti akhoza kulozeredwa msampha, ndipo woulula pamene wamanga nyumba amaipeza ili phulusa. Kodi mwambi uja wagwa pamenepa? Sunagwe, koma wasuntha malo. Opulumuka pa 2b2t ndi amene anafunsa asanalowe, anawerenga mbiri yake, nadziwa kuti ayenera kuthawira kutali ndi kutseka pakamwa. Kufunsa kuli ndi nthawi yake komanso munthu wake.

Ndiponso si funso lililonse limene lili kufunsa. Oyang'anira maseva amatopa ndi mlendo amene mphindi zisanu zisanathe wayamba kale: “Ndipatseniko dayamondi.” “Mundiike u admin.” “Nyumba yako ili pati, ndibwere?” Uku n'kupempha, ndipo pempho la u admin ndiye limachititsa anthu kumuyang'ana ndi diso lofiira, chifukwa mphamvu zimenezo n'zimene woononga amazifuna. Kufunsa kumene mwambi ukunena n'kofuna kudziwa malire: ndimange kutali bwanji ndi anzanga, kumenyana n'kololedwa kapena ayi, katundu wa munthu amene wafa ndingatole? Funso lomalizali lili ndi msampha wake. Wosewera akafa, katundu wake amamwazika pansi ndipo amazimiririka pakatha mphindi 5. Womutolera n'kumusungira m'bokosi wachita chifundo chachikulu. Wotola n'kupita nazo ndi mbala, ngakhale pa maseva ena ankhondo zimenezo ndiye masewerawo.

Kunena chilungamo, eni mudzi nawonso nthawi zina ndi amene amaika phula m'mbale. Pali maseva amene malamulo ake enieni sanalembedwe paliponse, ali m'mitu ya anthu asanu amene anayamba limodzi, ndipo mlendo akalakwa amamukalipira ngati anabadwira pomwepo. Ena amayankha funso la mwana wa zaka 10 monyoza, mwanayo n'kuphunzira kuti kufunsa n'kudziputira chitonzo. Mwambi wina umati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo seva yosalandira atsopano imatha pang'onopang'ono akale akamatopa, mpaka misewu yake yokongola kusowa woyendamo. Maseva okhalitsa amakhala ndi anthu amene ntchito yawo n'kulonjera wobwera, kumuyendetsa, ndi kumupatsa zida zoyambira ndi buledi pang'ono.

Pali alendo ena amene vuto lawo si kusafunsa, koma kubwera ndi cholinga choononga, khalidwe limene osewera amalitcha griefing. Mu 2014 bungwe la boma la Denmark loona za mapu linamanga dziko lonselo mu Minecraft, mita imodzi buloko imodzi, kuti ana asukulu aziphunzirirapo, n'kutsegula seva kwa aliyense. Analetsa mabomba a TNT, koma anaiwala kuti TNT ikhoza kukwezedwa m'kangolo ka panjanji. Posakhalitsa ena anaphulitsa malo angapo n'kuzikapo mbendera za America. Anthu oterowo mwambi suwakhudza. Amadziwa bwino kusiyana kwa uchi ndi phula. Koma amasiyira mavuto mlendo wabwinobwino, chifukwa oyang'anira amene anaonapo zotere sachedwa kukayikira dzina lachilendo limene layamba kuzungulirazungulira nkhokwe za anthu lili chete. Kuyambira 2022, mu Java Edition muli njira yokanenera uthenga wachipongwe kwa Mojang yeniyeniyo, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kuletsedwa kusewera pa maseva onse, osati pa imodzi yokha imene analakwirapo.

Pa maseva ang'onoang'ono, a anthu makumi awiri kapena atatu, zinthu sizifika kumeneko kawirikawiri. Woyang'anira akapeza mng'oma wopanda njuchi amayang'ana mu CoreProtect, amaitana mlendoyo pa pulogalamu yochezerana ya Discord, n'kumufunsa ngati anawerenga zikwangwani. Akavomera kulakwa, mlandu umathera pa kubweza: akasake njuchi zina, azikope ndi duwa m'manja mpaka zifike pamng'oma wa mwini, azidyetse maluwa kuti ziswane. Ndi ntchito yotopetsa, chifukwa njuchi zimabalalika panjira ndipo kukada kapena kukagwa mvula zimathamangira kwawo. Akakana, dzina lake limachotsedwa pa whitelist, mndandanda wa ololedwa kulowa, ndipo akayesa kulowa mawa lake seva imamubweza pakhomo.