Timapiritsi totsekemera, uchi ndi tiyi wanu

Adzukulu anga, ndamva kuti ena mwasiya shuga poopa kunenepa ndi matenda a shuga. Ena mukuponya timapiritsi totsekemera mu tiyi, ena mwatembenukira ku uchi. Mantha anuwo ndi oyenera, koma tamverani.

Timapiritsito si poizoni. Aspartame, mtundu umodzi wa zotsekemerazi, amene amathira mu zakumwa zolembedwa kuti Zero, amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 200. Mu Julayi 2023 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inamuika m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Umboni wake unali wochepa, ndipo akatswiri sanasinthe mlingo wovomerezeka: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wa makilogalamu 70 angapyole mlingowo atamamwa zitini za zakumwazo zoposa 9 mpaka 14 tsiku ndi tsiku. Komabe musayembekezere kuti timapiritsito tikuchotserani mimba. Mu Meyi chaka chomwecho WHO inalangiza kuti tisadalire zotsekemera zoterezi pochepetsa thupi, ngakhale stevia wochokera m'masamba a chomera cha ku Paraguay. Amene akudwala kale shuga, langizo limeneli silikuwakhudza. Iwo atsate za adokotala awo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi uchi. Mumatunga masupuni atatu osefukira, ati poti ndi wachilengedwe. Nanga nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa si zachilengedwe? Ukalowa m'thupi uchi ndi shuga basi, shuga wabulauni chimodzimodzi. Ndipo iwe amene uli ndi khanda kumsanawe, usalinyambititse uchi lisanathe chaka. Nthawi zina mumakhala tizilombo tomwe timafooketsa mwana mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma.

WHO imati munthu wamkulu asapitirire tisupuni 12 ta shuga patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Tawerengani nokha: titatu mu tiyi, tiwiri m'phala, masana kabotolo ka zoziziritsa kukhosi komwe kali ndi pafupifupi 8. Dzuwa lisanapendeke mwapyola kale.

Chotsani theka la supuni ya shuga mu tiyi wanu mlungu uno, theka lina mlungu wamawa. Masiku oyamba tiyi amveka wozizira mkamwa, pirirani, lilime lizolowera. Thobwa muzithira chimera chokwanira, lizitsekemera lokha. Ana akamalirira maswiti apatseni nthochi, masuku kapena mango azitafuna, osachita kuwafinyira madzi ake m'kapu.