Amasiye Amene Ankadumphidwa Pogawa Chakudya

Lamulungu la Chisanu la Pasaka, Chaka A. Mawu oyamba: Ntchito za Atumwi 6:1-7

Mawu oyamba a Misa ya lero akuyamba ndi dandaulo. Mpingo wa ku Yerusalemu unali ukukula tsiku ndi tsiku, koma mkati mwake munabuka kung'ung'udza. Akhristu olankhula Chigriki anaona kuti amayi amasiye a mbali yawo akudumphidwa pogawa chakudya. Luka Woyera sakunena kuti wina ankaba kapena kuti panali chidani. Chakudya chinalipo, mtima wopereka unaliponso. Chimene chinkasowa ndi munthu wodziwa kuti mayi wakuti amakhala kuseri kwakuti, ndipo lero wagona ndi njala.

Atumwi sanawatche odandaulawo amiseche. Anasonkhanitsa mpingo, nauuza kuti usankhe anthu asanu ndi awiri odziwika bwino, anzeru ndi okhwima mu Mzimu, oti asenze ntchitoyi. Wowerenga mofatsa aona kuti onse asanu ndi awiri, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolasi wa ku Antiokeya, ali ndi mayina a Chigriki. Zikuoneka kuti mpingo unasankha anthu a mbali imene inkaiwalidwayo, olankhula chinenero cha amasiyewo, odziwa makomo awo. Atumwi anawapempherera ndi kuwasanjika manja. Kuyang'anira mbale ya mayi wamasiye kunakhala udindo wodalitsidwa mu Mpingo.

Mzinda uno wa Lilongwe unaona zofanana ndi zimenezi pa nthawi ya Covid-19. Pa 20 March 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Pa 2 April anapezeka odwala oyamba. Uthenga unali umodzi pa wayilesi paliponse: sambani m'manja, talikiranani, okalamba ndi odwala shuga kapena BP akhale pakhomo. Malangizowo anali oona, ndipo anapulumutsa ambiri. Koma kwa gogo wokhala yekha m'kachipinda ka lendi ku Mtandire kapena ku Kauma, kutalikirana kunatanthauza kuti wobwera ndi ndowa ya madzi wasiya kubwera. Anzake a mphakati anasiya kudzapemphera naye poopa kumupatsira matenda. Ana ake amene ankagulitsa kaunjika mu msika anachepetsa thandizo chifukwa malonda anazilala. Palibe amene anamuda gogoyo. Anangodumphidwa.

Si mwangozi kuti khoti lalikulu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'makomo kwa masiku 21 mu April chaka chomwecho. Funso limene linali pakamwa pa aliyense linali la ku Yerusalemu lomwe lija: wosauka adya chiyani?

Apa ndi pamene panaonekera anthu amene sakumbukiridwa kawirikawiri. Madokotala ndi anamwino anatamandidwa, ndipo n'koyenera, makamaka mu January 2021 pamene matenda anafika pachimake, nduna ziwiri n'kumwalira tsiku limodzi, bwalo la masewero la Bingu n'kusanduka chipatala. Koma kunja kwa mpanda wa chipatala kunali ena: ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu m'maofesi a boma ndi m'mabungwe, amayi odzipereka amene anaphunzira kusamalira odwala pakhomo m'zaka zowawa za Edzi, masisitere, a bungwe la Vincent de Paul, atsikana antchito osambitsa agogo a eni nyumba. Boma litakonza zopereka K35,000 pa mwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, ndalamazo zinkadzera pa foni. Nanga nkhalamba yopanda foni, yosaona bwino, imene chiphaso chake chinatayika? Panafunika munthu woyenda wapansi, wogogoda pa chitseko, wolemba dzina molondola, wobweranso mawa ngati lero sizinatheke. Ntchito yotere siichitika pa mtunda wa mita imodzi. Munthu wakufa ziwalo satembenuzidwa pa mphasa ndi uthenga wa pa WhatsApp.

Ambiri mwa iwo ankalipira okha minibasi pamene mitengo inakwera. Madzulo ankabwerera kwawo ali ndi nkhawa yoti mwina anyamulira ana awo matenda, ndipo ena anansi ankawathawa. Mabanja ena a parishi ino ali ndi ana kapena abale ku Britain amene amagwira ntchito m'nyumba zosungira okalamba. Kumeneko mliriwu unapha nkhalamba zambirimbiri, achibale ataletsedwa kulowa, ndipo dzanja lotsiriza kugwira womwalirayo nthawi zambiri linali la wantchito wa malipiro ochepa. Kuno kumudzi anthu amaona ndalama zimene ana otere amatumiza. Ndi ochepa amene amawafunsa kuti agona bwanji.

Pali chinthu chimodzi chimene akhristu a m'tauni ayenera kuchivomereza, ngakhale chikuwawa. Mawu akuti Amalawi sataya makolo awo ndi okoma, koma m'mizinda sakukwaniranso. Kumudzi gogo amakhala pakati pa mbumba. M'tauni amakhala pakati pa alendi anzake amene amasamuka mwezi uliwonse. Ena amafika pomunena kuti ndi mfiti chifukwa wayamba kuiwala ndi kulankhula yekha, pamene ndi ukalamba chabe kapena matenda. Chikondi chongoyembekezera kuti wina akumbukira ndicho chinalephera ku Yerusalemu. Atumwi anachithandiza ndi mayina, udindo ndi dongosolo. Mpingo woopa dongosolo poganiza kuti si zauzimu uwerengenso ndimeyi: mawu a Mulungu anafalikira kwambiri nkhani ya chakudya itakonzedwa, ndipo Stefano, wotumikira pa tebulo uja, ndiye anakhala woyamba kufera Khristu.

Covid-19 inapita, kolera inabwera mu 2022 n'kutenganso anthu oposa 1,700, ndipo mliri wina udzabwera nthawi yake. Mphakati uliwonse ungathe kuyamba sabata ino ndi kope limodzi: ndani m'dera lino wapitirira zaka 70, ndani ali chigonere, akumusamalira ndani, nanga womusamalirayo anapuma liti? Mayi amene wakhala zaka zitatu akuchapira apongozi ake odwala sitiroko ayenera kupezeredwa womulandira Lamulungu limodzi kuti abwere ku Misa. Wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu akafika m'dera, atsogoleri a mphakati amuperekeze ku makomo amene iye sangawadziwe. Papa Francis anakhazikitsa mu 2021 tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la July, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera. Pofika tsikulo makope aja akhale atadzaza, ndipo dzina lililonse likhale ndi la munthu wina pambali pake.