Mawu anayi pa foni imodzi

 Kuno ku Mwanza mathiraki opita ku Zobue sanayambe phokoso, ndiye tiyeni tikambeko za kwaya.

Kwaya ikamaimba m'tchalitchi, khutu limathamangira kwa sopulano. Komatu kukoma kwagona pansi, pa alito woyenda cham'mbali, pa tena, ndi pa besi wogunda ngati musi mu mtondo.

Kuti mawu onsewa amveke, wokonza tsamba la pa intaneti la nyimbo zotere ajambule mawu aliwonse paokha. Womvera akadina batani, enawo akhale chete, atsale alito yekha, mtsikana wongolowa kumene m'kwaya agwire mzere wake. Akadinanso, onse abwerere pamodzi. Tsambalo likhale lopepuka, poti bandulo ndi yodula ndipo kumidzi netiweki imabwera mwa apo ndi apo.

Wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anajambula nyimbo za dziko lino mu 1950 ndi 1958, ndipo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. M'menemo mawu onse anaphatikizana. Ife pojambula lero, besi timupatse maikolofoni yakeyake, ngakhale azidandaula kuti payekha samveka bwino.