LACHITATU: Njira ya Munthu Wotsimikiza Mtima

Werengani Danieli 1:8-16. Kodi ndani anakonza njira imene Danieli anatsata ku Babulo?

Danieli sanapeze gulu lomuthandiza m'nyumba ya mfumu. Iye anayamba watsimikiza mumtima, kenaka anakonza yekha dongosolo lomveka bwino: chakudya chakuti, madzi akumwa, masiku 10, ndi munthu womuyang'anira. Koma sanali yekha, pakuti anzake atatu anaima naye, ndipo Mulungu ndiye anampatsa chisomo.

Joseph Bates, mmodzi wa oyambitsa mpingo wathu, anayenda njira yofanana. Ali woyendetsa zombo, anazindikira kuti analikulakalaka tambula yake ya tsiku ndi tsiku koposa chakudya. Mu 1821 analeka mowa waukali, pambuyo pake vinyo, kenaka fodya. Atabatizidwa mu 1827, anasonkhanitsa anansi ake ku Fairhaven nayambitsa bungwe la kudziletsa. Chimene anayamba yekha sanachisunge payekha.

Kodi mbale wa kwa Kaphuka angakonze bwanji njira yake? Miyambo 4:14, 15, Aroma 13:14.

M'midzi yathu ya ku Dedza mulibe nyumba zothandizira oledzera pafupi. Ngakhale boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, kachasu ndi masese sizinachoke pamudzi. Chotero wofuna kuleka ayenera kudziwa nthawi imene mdani amamudzera. Kwa ambiri ndi tsiku la msika, ndalama za mbatatesi kapena nyemba zili m'thumba. Kwa ena ndi pa dima, pa ukwati kapena pa chiliza, pamene kukana chipanda kumaoneka ngati kunyoza abale.

Mbale wotere alembe pangano lake ndi dzanja lake. Ndalama za zokolola azipereke kwa mkazi wake kapena azigulire feteleza tsiku lomwelo. Asinthe njira yodzera pochokera kumsika. Akonzeretu mawu aulemu okanira, ndipo atchule munthu mmodzi, kaya mkulu wa mpingo kaya dikoni, amene adzamuuza zoona Sabata lililonse.

Chenjezo likufunika pano. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi, thupi likhoza kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zimene palibe, makamaka m'masiku atatu oyamba. Zimenezi zimapha. Si ziwanda, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Wotereyo ayambire kuchipatala, ndipo abale amperekeze.

Kodi Yesu anachenjeza chiyani za nyumba yosesedwa koma yopanda mwini? Mateyu 12:43-45, Yohane 15:5.

Ngozi ya njira yodzikonzera ndi yakuti wolemba lamulo ndiye amenenso angalifafanize. Lero alonjeza, mawa adzikhululukira. Maola amene kale ankathera pamowa akakhala opanda kanthu, chilakolako chimabwerera ndi mphamvu yoposa. Maolawo adzazidwe ndi pemphero la m'mawa, ntchito ya kudimba, kwaya, ndi kuyendera odwala. Dongosolo lili ngati mpanda wa munda: limatsekereza mbuzi, koma silimeretsa mbewu. Wosintha mtima ndi Khristu yekha.

Nanga mbale akagwanso? Miyambo 24:16, Agalatiya 6:1, 2.

Kugwa tsiku limodzi sikufafaniza miyezi imene Ambuye anamsunga. Adzuke, aulule, afufuze pamene mpanda unagumuka, naukonze. Ife a mpingo tisafulumire kumuloza zala, pakuti manyazi amabwezera munthu kumowa. Mutu umodzi susenza denga.

Zoti mukambirane m'kalasi: Mbale akalowa m'tchalitchi Sabata lino akununkha mowa, ndani mwa ife adzakhala naye pa benchi limodzi? Ndani adzapita naye kumsika sabata yamawa?