TSIKU LOYAMBA: Chizindikiro cha Ubale

Werengani Levitiko 19:28. 1 Akorinto 6:19, 20. Yohane 13:34, 35.

Kuno ku mapiri a Dedza tikuona achinyamata ambiri akusiya minda ya kachewere kunka ku Johannesburg kukafuna ntchito. Mnyamata ndi mlongo wake akamasiyana, mantha amawagwira kuti mwina adzaiwalana. Motero ena amapangana zolembetsa pakhungu chizindikiro chofanana, chosafufutika kufikira imfa. Kodi ife ana a Mulungu tinene chiyani pa mchitidwe umenewu?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti chikhumbo chawocho n'chabwino. Ngakhale kulemba pathupi si kwachilendo pakati pathu. Agogo athu aakazi ankatema mphini kumaso ndi pachifuwa, napakamo makala. Angoni ankaboola makutu. M'mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula za Akafula ndi Achewa. Munthu amafuna kusiya chizindikiro chonena kuti iye ndi wa yani.

Koma zizindikiro zimene ana athu akutola pa intaneti zili ndi eni ake. Mfundo zolukanalukana za Aselti zinakometsa mabuku a amonke a ku Ireland ndi Scotland, monga Book of Kells la m'zaka za m'ma 800. Nyundo yotchedwa Mjölnir ndi ya Thor, mulungu wa bingu wa anthu akale a ku Scandinavia, ndipo malemba awo otchedwa runes ankati anawapeza ndi mulungu wawo Odin. Kodi n'kwanzeru kusenza pamkono dzina la mulungu amene sitimpembedza?

Mulungu analetsa Aisrayeli kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba pathupi, pakuti anali anthu opatulika. Paulo akutikumbutsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, logulidwa ndi mtengo wake. Mlendi sajambula pakhoma la nyumba ya mwini osapempha.

Werengani Genesis 4:8-10 ndi 44:18-34. Kodi Kaini ndi Yuda akusiyana bwanji?

Kaini ndi Abele anabadwa mimba imodzi, koma magazi sanaletse chiwembu. Yuda, amene kale anagulitsa Yosefe, anadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini. Apo ndiye panaonekera ubale. Pamwambo wathu mwamuna ndiye mwini mbumba: amasamala alongo ake ndi ana awo, amakhala nkhoswe, amayamba kufika pamatenda ndi pamaliro. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Mlongo amene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi satonthozedwa ndi chithunzi cha pamkono wa mchimwene wake wosatumiza ngakhale moni.

Nanga amene analemba kale? Tisawatsekere pakhomo pa tchalitchi. Yesu anauka ndi zipsera za misomali, ndipo pa Yesaya 49:16 Yehova akuti anatilemba m'zikhato zake. Chizindikiro chotipanga abale chili pathupi la Mbale wathu Wamkulu. Kwa ife anasiya chikondano, kuti dziko litizindikire nacho.

Funso Lolingalira: Kodi alipo mbale wanu amene simunalankhulane naye chaka chino? Mudzachitapo chiyani dzuwa la Sabata likudzali lisanalowe?